Mbali Yozizira ya Mpando wa a Lavula

A Lavula anali munthu wa manja atatu. Awiri anali omwewa tili nawo tonsefe, lachitatu linali pakamwa.

Ntchito yawo inali yokuta mipando ya sofa. Mpando ukabwera utaphulika mimba, masipiring'i ali panja ngati matumbo, iwo ankausenda nsalu yakale, kumanga masipiring'iwo ndi chingwe, kuyala chiguduli, kuyala siponji, kenako kukoka nsalu yatsopano mpaka ithine. Pofika pokhoma m'pamene anthu odutsa mumsewu ankaima n'kuiwala kumene akupita. A Lavula ankatapa timisomali todzaza chikhatho n'kutiponya m'kamwa ngati mtedza. Lilime linkasankha kamodzi, n'kukatembenuza kuti mutu utsogole, mano akutsogolo n'kukapana. Hamala yawo, yomwe mbali imodzi inali ndi maginito, inkangopsompsona milomo n'kukanyamula. Kho! Kalowa. Dzanja lamanzere osasiya nsalu, lamanja osasiya hamala. Kho! Kho! Kho! Mzere wa timisomali n'kuwongoka ngati wayezedwa ndi rula. Dzina la Lavula linabadwira pomwepo, la makolo awo linangotsalira pa chiphaso.

Za m'kamwa mwawo zinkakambidwa zambiri. Akuti tsiku lina anayetsemula timisomali tili m'kamwa, ndipo kalendala yomwe alamu awo anali ataigwirizira kukhoma posaka poikoleka inakhomeka yokha, ngodya zonse zinayi, osapendekeka. Akutinso anamezapo tambiri moti akadutsa pafupi ndi kabati masupuni ankagwedezeka, kufuna kuwatsatira. Izo n'za anthu. Chotsimikizika n'chakuti m'misewu yonse yozungulira panalibe wokhoma ngati iwo.

Ankagwirira ntchito m'chipinda cha chitseko chachitsulo, kuseri kwa malo omatira matayala. Anali awiriwiri ndi alamu awo aja, achimwene a akazi awo, omwe ankatchedwa a Sizasi chifukwa ndiwo ankadula nsalu ndi kusoka pamakina. M'chipindamo munkanunkhira guluu ndi fumbi la mipando ya anthu ena. Pashelefu, pakati pa chitini cha guluu ndi cha vanishi, panali botolo lalikulu la maswiti. Chitsulo chimasiya kukoma koipa palilime, ngati wanyambita loko wadzimbiri, ndiye a Lavula akamaliza kukhoma mbali imodzi ankaponya switi m'kamwa kuti achotse kukomako. Timisomali, switi, timisomali, switi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pakatikati pankabwera tiyi, wa shuga wochuluka moti supuni inkaima yokha m'kapu ngati mlonda.

Mswachi anausiya ali bambo wa mwana mmodzi. M'mawa wina akutsuka mano analavula thovu lofiira. Mawa lake chimodzimodzi. Anauyang'ana mswachiwo, n'kuuweruza monga mmisiri aweruzira chida chake.

"Amayi, chida chikamang'amba nsalu, ine ndimachitaya. Ichi chikundicheka nkhama."

"Mwina mukukhula mwamphamvu, abambo. Si thabwa limenelo."

"Mano anga amatsukidwa ndi chitsulo tsiku lonse. Mwaonapo njanji ikuchita ndere?"

Kuyambira pamenepo kunali kungochukucha madzi ndi kupisamo chala, nako akakumbuka. Akazi awo sanatope kugula miswachi. Ankaiika m'kapu pazenera la bafa, ndipo inkasowadi, iwo n'kumati mwina zayamba kumveka. Koma inkathera kushopu. Mswachi umalowa bwino m'ngodya popaka guluu, ndipo popaka vanishi pamiyendo yosemedwa palibe burashi youposa. A Lavula ankathokoza kuchokera pansi pa mtima. "Wofiira uja unali wabwino, amayi. Mukapeza wina wolimba choncho mugule awiri."

Kunyumba kwawo, pabalaza, panali mpando wa sofa wa anthu awiri. Unali woyamba kuupanga ndi manja awo, chaka chomwe anakwatira. Madzulo akaweruka ankasamba n'kukhala mbali ya kukhoma, akazi awo mbali ya kuzenera, wailesi ikulankhula yokha pakabati. Mayiwo ankawatola tizidutswa ta siponji m'tsitsi, kamodzikamodzi, uku akuwauza za tsikulo: wabwera ndani, mwana wagwa pati, nkhuku ya oyandikana nawo yachita chiyani. Munthu wokhala ndi timisomali m'kamwa tsiku lonse salankhula, ndipo a Lavula anazolowera kukhala chete. Nthawi yawo yolankhula inali imeneyo, phewa litagunda phewa. Anthu ena amagwirira ntchito nyumba ya malata kapena galimoto. A Lavula ankagwirira ntchito kamphindi kameneko.

Sanadziwe tsiku lomwe zinayamba kusintha, chifukwa sizinasinthe tsiku limodzi. Poyamba mayi ankatola siponji nkhope atayang'ana kuzenera. Kenako anasendera kumapeto, n'kutsamira pa mkono wa mpando. Kenako anayamba kubwera ndi lichero la nyemba zoti asankhe, n'kuliika pakati. Ana atakula n'kuchoka, nyumba itatsala ya awiri, mayi anali atasamukira pa kampando kathabwa pafupi ndi khomo, pomwe pankapita mphepo. Ankachezabe, ankasekabe, koma kuchokera kutsidya kwa tebulo. A Lavula akatambasula dzanja pambali pawo, nsalu inali yozizira.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa kupatula mwini wake. Nkhama zija sizinasiye kutuluka magazi pamene mswachi unatayidwa. Zinatupa, zinada, zinayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo pakati pa mano ndi nkhama panakhala timatumba tosunga zakudya za dzana ndi mafinya. Fungo lake linali loti ntchentche ikalowa m'shopu inkazungulira kamodzi n'kutuluka ikupepesa. Akuti galu wa omata matayala, yemwe ankadya chilichonse, ankati a Lavula akayasamula iye n'kukalowa m'tayala. Koma munthu samva fungo la m'kamwa mwake. Mphuno imagona nalo, imadzuka nalo, mpaka imaliyesa mpweya wamba.

Mayi anayesapo kunena, kamodzi kokha, kalekale. Anasankha mawu ofewa ngati siponji. A Lavula anaika kapu pansi.

"Ndiye mukuti m'nyumba muno mukukhala ndi galu wakufa?"

"Sindinatero, abambo."

"Mwatero. Ndamva."

Anakhala masiku osalankhula, akudya atayang'ana kukhoma, ndipo mayiwo analumbira mumtima kuti nkhani imeneyo sadzaiyambanso. Anakadandaula kwa achimwene awo. A Sizasi, poti ndi alamu, anaipereka mwa nthabwala.

"Alamu, khoswe uja tinkamusaka uja, simunamumeze?"

"Akanakhala kuti ndamumeza akanakupatsani moni, si m'bale wanu?"

Onse kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sabata yotsatira a Sizasi anakokera makina awo pakhomo penipeni, akuti maso ayamba kuvuta, akufuna kuwala.

Tsono a Lavula anakhala pansi n'kuiganizira nkhani ya akazi awo, ndipo anaiganizira monga wokuta mipando. Munthu akamathawa mpando, vuto lili mumpando. Tsiku lina mayi atapita kumsika, iwo anagwada, n'kusindikiza chikhatho mbali ya kuzenera ija. Anaimva. Sipiring'i imodzi inali itapendekeka pang'ono, kansonga kake kakusuzumira pansi pa siponji. Mtima wawo unakhala m'malo. Zaka zonsezi mkazi akubayidwa, osanena, kuopa kunyoza ntchito ya mwamuna wake!

Anaunyamula pa wilibala mpaka kushopu. Anamanga masipiring'i onse mwatsopano, n'kuubweza madzulo.

"Takhalani apa, amayi. Mundiuze."

Mayi anakhala. Ananjanja pang'ono, n'kusisita nsalu.

"Koma ndiye mwaukonza, abambo. Ngati watsopano."

A Lavula anakhala pambali pawo, chimwemwe chili tho, n'kutembenuka kuti afotokoze bwino za sipiring'i ija. Anafotokoza ndi mtima wonse, nkhope pafupi. Mayi anamvetsera mpaka pomwe akanatha.

"Ndasiya madzi pamoto," anatero, n'kunyamuka. Pobwera anakhala pa kampando kathabwa.

Ndiye kuti ndi siponji, anaganiza a Lavula. Siponji yotchipa imatentha. Anaisintha. Mayi anayamikira, n'kukumbuka zovala pachingwe. Ndiye kuti ndi nsalu, mwina imayabwa. Anaisintha. Ndiye kuti mpando watalika, miyendo ya mayi ikulendewera. Anaudula miyendo. Ndiye kuti wafupika, mawondo akuwawa podzuka. Anauikira miyendo ina. Mpando umenewo unayenda pa wilibala mpaka ana a mumsewu ankaupatsa moni. Akuti ukanasiyidwa panja ukanapita wokha kushopu, n'kukagogoda. Oyandikana nawo ankati mayi uja ndi wamwayi, mwamuna wake amamusinthira mpando ngati diresi. Mayiwo ankangomwetulira, maso ali pansi.

M'zaka zimenezo manja aja atatu anayamba kutsala awiri ndi theka. Mano akutsogolo anatalika, poti nkhama zinali zitawathawa, ndipo anayamba kugwedera. Kamsomali kankati kapanidwe, dzino n'kupatuka, iko n'kutuluka chammbali. Hamala inkabwera n'kubwerera yopanda kanthu. Nthawi zina kansonga kankabaya nkhama, ndipo timisomali tinkafika pansalu ya kasitomala tili tofiira. M'mawa pilo ankakhala ndi madontho a bulauni. Nyama anaisiya, akuti ya masiku ano ndi yolimba. Chimanga chootcha anachisiya, akuti n'cha ana.

Kenako linadwala dzino lakumapeto, lam'munsi, lomwe maswiti analiboola mpaka kukhala ngati mtondo. Ululu wake unkakwera kukhutu n'kutsikira m'khosi. A Sizasi anawapeza atatsamira mutu pa mpando wa kasitomala.

"Alamu, pitani kwa a dokotala a mano. Si patali."

"Akazule? Anthu aja akaona dzino manja amawayabwa. Akayamba ndi ili, amaliza ndi akutsogolowa. Ndiye ndizikhoma ndi chiyani, mphuno?"

"Ena amakhoma ndi sitepula. Dziko lonse likukhoma ndi sitepula."

"Sitepula ndi ya makalata. Mpando wa sitepula umafa usanalipiridwe."

Anadzichiza okha. Anatenga kathonje kotsala m'mpando wakale, n'kukaviika mu thina wosungunulira vanishi, n'kukakanikiza m'bowo la dzino. Anavina m'shopu monse, misozi ili chuchuchu. Anabwereza kangapo. Ndipo tsiku lina ululu unatheratu, zii.

"Mwaona, alamu? Dokotala ndine."

Sanadziwe kuti dzino likasiya kupweteka chonchi si kuti lachira. Linali litafa, ndipo zowola zinali zitatsikira kumizu, m'fupa, kukasaka njira ina.

Inali nthawi yomweyo pamene anaganiza zoukonza mpando uja komaliza, kukonza koti mayi sadzapezanso chonena. Anausenda mpaka kutsala mafupa okhaokha. Anagula nsalu yaubweya wofewa, yobiriwira ngati masamba a mvula yoyamba, mtundu womwe mayi anauyang'anapo nthawi yaitali pawindo la sitolo. Anati kumsana aikako mabatani olowa m'kati, ntchito yofuna kuleza mtima ndi timisomali tosawerengeka. Pabalaza panatsala malo oyera pomwe mpando unkakhala, iwo n'kumakhalira ndowa yovundikira.

Ali pakati pa ntchitoyo, pansi pa nsagwada panatupa. Poyamba ngati dzira, kenako ngati banzi. Thupi linkatentha, kuzizidwa dzuwa lili pamutu. Mayi anawagwira pamphumi m'mawa wina.

"Abambo, lero kushopu ayi. Tiyeni kuchipatala."

"Nditsirize kaye kumsana kwa mpandowu."

"Mpando uthawira kuti?"

"Inu simukudziwa. Nsalu ikagona yosakhoma imachita makwinya."

"Ndikukupemphani."

"Mawa, amayi. Mawa ndithu."

Mawa lake anafika kushopu akuyenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza. Chotupa chinali chitadutsa pansi pa chibwano mpaka mbali inayo, cholimba ngati thabwa, khosi ndi nkhope zitakhala chinthu chimodzi. Moni wawo a Sizasi sanaumve bwino, mawu ankatuluka ngati a munthu wobwira mbatata yotentha. A Lavula anavala epuloni, n'kukoka nsalu yobiriwira, n'kutapa timisomali. Anakweza chikhatho kukamwa. Pakamwa sipanatseguke. Anayesanso. Mano anangosiyana kampata kolowa chala chimodzi, ndipo kuseri kwake lilime linali litakankhidwira kumwamba, malovu akutsika pachibwano poti kumeza kunali kutakanika. Timisomali tinagwa pasimenti, n'kumwazika.

Makina a Sizasi anaima.

"Alamu, tandiyang'anani."

A Lavula anayang'ana. Ankapuma mokoka, ndi kaphokoso ngati chitseko chosowa mafuta.

A Sizasi sanachite nthabwala. Panja panali kalole kodzatenga mipando ya kasitomala wina, mpando umodzi utakwezedwa kale. Anawanyamula a Lavula mothandizana ndi omata matayala, n'kuwakhazika pa mpando womwewo, chifukwa akagona chagada mpweya unkatsekeka. Anadutsira kunyumba kukatenga mayi. Umo ndi momwe a Lavula anapitira kuchipatala, atakhala pa sofa pamwamba pa lole ngati mkwati, mkazi wawo atawagwira mutu, mlamu akumenya denga la dalaivala kuti athamange.

Zomwe zinachitika atafika, iwo anazimva pambuyo pake. Anawathamangira nawo kuchipinda cha opaleshoni. Anawaika paipi yopumira, anawacheka pansi pa chibwano, ndipo mafinya omwe anatuluka, a Sizasi amalumbira mpaka lero kuti akanadzaza chitini cha guluu. Dzino lakufa lija analizula pomwepo. Dokotala wamkulu anauza mayi kuti akanachedwa pang'ono, chotupacho chikanatseka kummero, ndipo tizilombo tinali titalowa kale m'magazi. Zotsala zinali kudikira.

A Lavula atatsegula maso anaona botolo la diripi, denga loyera, ndi nkhope ya akazi awo pafupi, pafupi kwambiri, kuposa momwe inakhalira zaka zambiri. Ankawapukuta milomo ndi kansalu konyowa. Fungo la pabalapo linali loti odwala a mabedi oyandikana anafunda kumutu, koma mayi sanasunthe. A Lavula sankatha kulankhula. Anangoganiza kuti, kodi kani munthu azichita kufa kuti mkazi wake amuyandikire?

Anagona m'chipatala nthawi yoti tsitsi linafuna kumetedwa. Atayamba kuyenda ndi kutsegula pakamwa, anawatumiza kwa dokotala wa mano, mayi ali nawo. Dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wachisamba, wolankhula mofatsa kuseri kwa kansalu kotseka pakamwa. A Lavula atagona pa mpando wake, zala zawo zinayamba zokha kufufuza m'mphepete. Zinapeza masitepulo. Anafuna kudandaula, koma munthu atayasamula sadandaula.

Mtsikanayo anagwira mano akutsogolo limodzilimodzi ndi kachitsulo. Onse ankavomera mbali iliyonse.

"Bambo, munasiya liti kutsuka mano?"

"Kalekale. Mswachi unkandicheka. Ndinkalavula magazi."

"Sunali mswachi. Nkhama zikamatuluka magazi ndiye kuti m'mphepete mwa mano mwaunjikana litsiro, zatupa. Mukanapitiriza kutsuka bwinobwino, m'mawa ndi madzulo, n'kubwera kuti tikuchotsereni zoumazo, magaziwo akanasiya. Inu munasiya pomwe pankafunika kulimbikira."



"Akutsogolowa ena alibe ngakhale bowo," anapitiriza, akuwaonetsa chithunzi cha ekiselo choonetsa mizu ya mano awo. "Koma taonani apa. Fupa lomwe linkawagwira ladyeka. Sangalimbenso."

A Lavula anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Zimenezi ankazidziwa. Anaziona kambirimbiri m'mipando yakale, msomali wabwinobwino, wowongoka, uli m'thabwa lofumbwa. Umauzula ndi zala.

"Palibe pomata?" anafunsa motsitsa.

"Palibe, bambo. Am'mbali angapo tiwapulumutsa, mukawasamala. Awa ayi." Anaika kachitsulo pansi. "Koma matendawa amayenda ndi fungo lamphamvu, zaka ndi zaka. Palibe amene anakuuzanipo?"

A Lavula anatembenuza mutu kuti aseke ndi akazi awo, kuti amayi, mukumva zomwe akunena mwanayu? Mayi anali atakhala pa benchi pafupi ndi khomo, chikwama pamiyendo. Sanaseke. Anayang'ana pansi, zala zikupotokola lamba wa chikwamacho.

M'chipindamo munangomveka madzi akudontha m'kabeseni. A Lavula anaona lichero la nyemba pakati pa mpando. Anaona madzi osiyidwa pamoto, zovala pachingwe, makina a Sizasi pakhomo. Anaona wilibala ikupita, ikubwera, ikupita. Anabweza mutu pa mtsamiro, n'kutseka maso.

"Zulani," anatero.

Anabwerera kunyumba ali munthu wina. Malaya ankawalendewera, milomo inalowa m'kati, pansi pa chibwano panali chipsera chokhala ngati msoko wa wophunzira kusoka. Matenda a m'magazi aja anawasiyira kutopa, akakwera kachitunda kopita kushopu ankaima kaye n'kugwira mpanda. Mano oikirira anawalonjeza nkhama zikapola, koma anawachenjezeratu kuti timisomali m'kamwa ndiye basi, mpaka kalekale. M'kapu ya pazenera la bafa munali mswachi watsopano wofewa, ndipo uwu sunapite kushopu. Ankatsuka otsalawo m'mawa ndi madzulo, pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya, ngati akupaka vanishi mwendo wosemedwa. Magazi anatuluka masiku oyamba, kenako anasiya, monga ananenera mtsikana uja. Tsiku lomwe analavula thovu loyera anaima nthawi yaitali akuliyang'ana.

Za fungo sanazitchule, mayinso sanazitchule. Koma a Lavula anayamba chizolowezi chatsopano. Akamalankhula ankaphimba pakamwa ndi chikhatho, nkhope atatembenuzira kumbali. Mayi akayandikira ndi phala, iwo ankasendera kutali.

Kushopu anapeza a Sizasi atagula sitepula. Ntchito za makasitomala sizikanadikira. Inkalira tcha! tcha! tcha! ndipo palibe wodutsa mumsewu amene ankaima. Botolo la maswiti linali litachotsedwa. Pakona, pansi pa chinsalu, panali mpando uja, kumsana kwake kuli pakati, nsalu yobiriwira ikulendewera.

"Ndiumalize ndi iyi, alamu? Mphindi zochepa."

"Ya makasitomala khomani ndi chimenecho. Nanenso mundiphunzitsa. Koma uwu ayi."

Anayesa ndi manja awiri. Kukoka nsalu ndi lamanzere, kusiya hamala, kutola kamsomali m'mbale, kukaimika, nsalu n'kuthawa. Akagwira nsalu, kamsomali kagwa. Akagwira kamsomali, hamala yapeza chala. Pofika masana anali atakhoma tochepa, tokhotakhota, thukuta lili noninoni. Anakhala pansi n'kuyang'ana manja awo.

Ndi momwe mayi anawapezera atabwera ndi chakudya chofewa m'kontena. Anayang'ana mpando, anayang'ana chala chotupa, n'kuika kontena pashelefu.

"Achimwene, tapitani mukamwe tiyi kwa omata matayala."

"Ndamwa kale, chemwali."

"Kamweninso."

A Sizasi anatuluka. Mayi anatenga mbale ya timisomali, n'kugwada pambali pa amuna awo.

"Ndizikupatsirani. Mutu utsogole, eti? Ndakhala ndikuonerera zaka zonsezi."

Anayamba. A Lavula kukoka nsalu, mayi kuika kamsomali pa maginito a hamala. Kho. Kudikira. Kho. Ntchito yotere sitheka motalikirana, mitu inkachita kugundana. A Lavula ankapumira kumbali, khosi litapotoka.

"Mukhoma chala changa mukamayang'ana uko, abambo."

A Lavula anakhoma tingapo. Kenako, dzanja lili pakamwa, anati, "Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani. Munati ndakutchulani galu."

"Mukanabwereza."

"Ndikanabwereza." Mayi anatembenuza kamsomali m'zala. "Ndinkaopa nkhope yanu ija. Ndinati bola ndikhale patali tizisekabe, kusiyana n'kukhala pafupi musakundilankhula. Mpando ukamapita pa wilibala ndinkalowa kuchipinda kukalira. Tsiku la lole lija ndinati ndamupha ndine munthuyu, ndi ulemu wangawu."

"Ayi. Pakamwa panali panga."

Kho. Kho. Sitepula inali chete, panja kunkangomveka mpope wa matayala.

Anautsiriza dzuwa litapendeka. Mzere wa timisomali sunali wa rula, ndipo batani limodzi linalowa mopendekeka, moti a Lavula akale akanausendanso. Anautembenuza, n'kuuimika pa miyendo yake pakati pa zidutswa za siponji. Mayi sanadikire kuti ufike kunyumba. Anakhala mbali yawo ya kuzenera, ngakhale m'shopumo munalibe zenera, n'kumenya kachikhatho pa mbali inayo.

A Lavula anakhala kumapeto kwenikweni, atatsamira mkono wa mpando, dzanja pakamwa. Mayi anasendera. Anagwira dzanja lija n'kulitsitsa, n'kulisunga pamiyendo pawo.

"Lankhulani."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Za sipiring'i ija. Tsiku lija sindinamve bwino."

A Lavula anatsegula pakamwa popanda mano akutsogolo, ndipo mawu anatuluka akupeperuka, ngati a mwana wogweruka. Anafotokoza momwe sipiring'i imapendekekera chingwe chikatha, momwe umaimvera ndi chikhatho usanaione. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anakweza dzanja n'kuyamba kuwatola tizidutswa ta siponji m'tsitsi. Ankachedwa kutipeza, chifukwa tsitsilo linali litayera ngati siponji yomweyo, ndipo pamene anawatola komaliza, zaka zija, linali likadali lakuda.

A Sizasi anasuzumira pakhomo, kapu ili m'manja. Anatsegula pakamwa, nthabwala ili kale palilime. Anaimeza, n'kubwerera kwa omata matayala kukapempha tiyi wina.